Jekete la Apongozi

Mpaka lelo ndikaona munthu wa boma atapanila chikwama chakuda m'khwapa, ndimamutembenuzila msana. Ana anga amati, "Amai, zinapita izo, ziiwaleni." Ndiiwale chiyani? Munthu anabwela pa doko lathu m'mawa umodzi chabe, sananyowetse ngakhale nsonga ya nsapato, koma pochoka anali atandiphwasulila banja.

Kwathu ndi kwa Mwape, kutsidya kwa Luangwa. Ukafuna chigayo, kiliniki, msika kapena mseu wopita ku boma ya Nyimba, uyenela kuoloka kaye mtsinje. Ndili mtsikana, boma linali ndi bwato lake lachitsulo pa doko, ndi mdala wina amene ankalipidwa kuti aziolotsa anthu. Zipani zambili zitabwela tinavina nawo, tinavota, kenaka tinauzidwa kuti tsopano aliyense adzionele yekha. Mdala uja anamuchotsa ntchito. Bwato linachita dzimbili, linadooka, ana n'kumasewelelamo. Tinabwelela ku mabwato osema, m'madzi a mvuu ndi ng'ona, ndipo palibe wa boma anabwela kudzafunsa ngati tikuoloka bwino.

Amuna anga anali a ku Mozambiki. Anathawa nkhondo ali mnyamata n'kudzakhala m'kampu ya othawa nkhondo ku Petauke. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali anga kufupi ndi Sasare, ndikugulitsa nsomba zouma, ndipo tinadziwana m'kwaya ya ku tchalitchi. Anali munthu wofatsa, wolankhula pang'ono, wakuti ukamukalipila amayamba wayang'ana pansi. Nkhondo itatha, malole anabwela kudzatenga anthu kubwelela kwawo. Anzawo anakwela, iwo anatsala chifukwa cha ine, ndipo ndinabwela nawo kwathu ngati mkamwini.

Koma kukwatila mkazi wa kuno sikunali kokwanila kuti mwamuna wa dziko lina akhale. Ku ofesi yoona za alendo anati aonetse ntchito yake, ndipo nthawi ndi nthawi azibwela kudzaonetsanso kuti ntchitoyo ikalipo. Mkamwini kwathu alibe munda wake, amalima wa mkazi. Chimene iwo ankadziwa ndi madzi, poti anakulila m'mbali mwa Zambezi. Zaka zimenezo chilichonse chinali pa malonda, kuyambila zovala zakale za salaula mpaka mathilakitala a boma, ndipo azungu ena osaka nyama m'chigwa mwathu potseka kampu yawo anagulitsa boti loyela la injini. Tinalima thonje mpaka misana kuuma, ndinagulitsa ndi mbuzi zanga zomwe, n'kuligula.

Sanali munthu wa njila zachidule. Anapita kutali kunyanja kumene amayesa oyendetsa maboti, nabwela ndi satifiketi yonena kuti botilo lili bwino ndipo mwini wake adziwa kusunga miyoyo ya anthu pamadzi. Anaikuta m'pulasitiki n'kumaisunga m'kachitini pansi pa mpando wa kumbuyo. Anabwelanso ndi majekete ofiila ngati papaya lakupsa, aja akuti ukavala sumila. Poyamba anthu ankawaseka, ati tikuoneka ngati akaidi, koma iwo sankaliza injini mpaka aliyense atamanga. Satifiketi imeneyo ndiyo inali ntchito yawo, ndipo ntchitoyo ndiyo inkawasunga m'dziko muno, pafupi ndi ine ndi ana.

Tsono panali amai anga. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Sapatsana kanthu m'manja, sakhala pa mphasa imodzi, ndipo akakumana m'njila wina amapatukila m'thengo. Akafuna kulankhulana amadutsila mwa munthu wina, kapena mkamwini amanjuta kumbali n'kumalankhula ngati akuuza mtengo. Kugwilana ndiye ndi chinthu chosatchulika n'komwe. Koma zimenezi sizikhala mpaka imfa. Ana akabadwa, apongozi akaona kuti munthuyu ndi wa pano, amapha nkhuku n'kumuitana kuti adzadyele m'nyumba mwawo. Timati amulowetsa m'nyumba. Kuyambila pamenepo amalankhulana ngati mai ndi mwana.

Ife tinali ndi ana awili, wachitatu ali m'njila, koma amai nkhukuyo sanaphe. Ndikawakumbutsa ankati, "Mlendo ndi mame, mwanawe. Anzake onse anakwela malole. Nayenso tsiku lina adzakumbuka kwawo, tiyambe taona." Sikuti ankawada. Ndiwo zabwino ankatumiza, ndipo pakati pa azimai anzawo ankanyadila kuti mwini boti ndi mkamwini wawo. Anali ouma mutu chabe, ndipo ine ndinatengela iwo.

M'boti tinali ndi njila yathu. Amai ankakhala kutsogolo, nkhope kuyang'ana kumene tikupita, amuna anga kumbuyo pa injini. Jekete ndinkawamanga ndine, ine kukakhala kulibe ankawamanga mzimai aliyense amene wakwela. Zingwe zake zinkawasokoneza, ndipo sanavutike kuphunzila poti wowamanga sankasowa.

Mwana wachitatu ndinakachilila ku kiliniki ya tsidya. Amai anandidikilila, kenaka anaoloka kukaona za kunyumba, kuti mailo lake m'mawa adzanditenge. M'mawa umenewo ndinatsikila ku doko ndi khanda m'manja, n'kukhala pansi pa mkuyu. Pamenepo ndinapeza galimoto ya boma, ndipo pambali pake panaima mnyamata wa tayi ndi chikwama chakuda. Asodzi anandinong'oneza kuti ndi woyendela maboti. Kwinakwake kutali boti linali litamila ndi anthu, ndiye akuluakulu anawatuma kuti azungulile madoko onse. Ine sindinade nkhawa. Ngati panali munthu wosunga malamulo pa Luangwa yonse, anali amuna anga.

Boti linayandikila. Munali azibambo awili ndi njinga zawo, atavala majekete bwinobwino. Kutsogolo kunali amai, ali tayale, jekete atalikhalila. Tsiku limenelo sipanakwele mzimai wina. Amuna anga anali ataika jekete pa thabwa, natsokomola, nabwelela kumbuyo, monga mwa ulemu. Amai poona kuti thabwa lanyowa ndi mame, anaona kuti mkamwini wawakonzela pokhala.

Mnyamata uja anayamba ndi zina. Anayang'ana injini, chingwe, chidebe chokapila madzi, wezulo, nkhafi, zonse zinalipo. Anawelenga satifiketi n'kugwedeza mutu. Kenaka analoza amai, amene anali akadali m'boti, nalankhula chinyanja chake cha m'tauni.

"Nanga amai aba? Bambo, nionetseni mwamene mumavalikila munthu jekete. Bavalikeni."

Amuna anga anaika manja kumbuyo n'kuyang'ana m'madzi. Ine ndinanyamuka msanga, chilonda chikundikoka, ndinati, "Bwana, ndimawamanga ndine. Wina andigwilile mwanayu."

"Imwe amai, satifiketi ni yanu? Nifuna mwine wake."

Mmodzi wa azibambo a njinga aja, mkulu wa mpingo, anavula chipewa nati, "Pepani bwana, awa ndi apongozi awo. Sanawalowetse m'nyumba."

Mnyamatayo anaseka. "Apongozi? Manzi yaziba apongozi?"

Zoona, madzi sadziwa apongozi, zimenezo ngakhale ine sindikana. Akanati amai avale pomwepo ndipo zisadzachitikenso, sembe tinamuthokoza n'kumupatsa nsomba. Koma iye anali atapeza poonetsela mphamvu. Anatembenukila amuna anga, anthu onse a pa doko akumva, nati, "Chabwino. Amai aba bakagwela pakati paja, muzachita chani?"

Amai anali pomwepo, kutalika kwa mkono umodzi. Amuna anga anati, "Ndiwapatsa nkhafi, agwile."

"Nanga bakakangiwa kugwila?"

Mvula yapitayo amuna anga omwewa analumphila m'madzi osefukila kukatulutsa mtsikana amene bwato linamugudubukila, doko lonse likuona. Amai akanagwa, akanalumpha nsapato zili kuphazi, ndikudziwa ngati mmene ndidziwila dzina langa. Koma kuti atsegule pakamwa pamaso pa apongozi, pamaso pa azibambo, n'kunena kuti ndidzawakumbatila pachifuwa n'kuwakoka? Lilime lawo silikanatembenuka. Anangoima, thukuta lili kamukamu.

Ine ndiye ndinalankhula. Ndinati funsani aliyense pano za mtsikana uja, funsani kuti chiyambile botili wamila ndani. Asodzi anavomela, mkulu wa mpingo anavomela. Amai anali atadzifunditsa chitenje kumutu ndi manyazi, ndipo anandiitana n'kunong'ona kuti, "Muuze mnyamatayu kuti jekete ndalikhalila ndine, mkamwini anandipatsa." Ndinamuuza. Iye anati wolakwa ndi woyendetsa, osati wokwela. Ndipo anandiuza ine, mkazi wobeleka ana atatu, kuti ndichepetse phokoso mwana angadzuke.

Anasolola satifiketi m'pulasitiki muja, naiponya m'chikwama, pulasitiki n'kubwezela amuna anga. Anati lamulo limupatsa mphamvu yolanda satifiketi kwa woyendetsa aliyense amene wanyamula munthu wosavala jekete ndiponso walephela kuonetsa kuti angapulumutse wokwela. Kuyambila nthawi yomweyo boti lisanyamule munthu, akapezeka atanyamula ndi mlandu wa kupolisi.

Ndinafunsa kuti nanga ife tioloka bwanji, ndi khanda la masiku ochepa. Anati zimenezo si za ofesi yake. Ndinaloza mabwato osema a asodzi, ndinati nanga awa, opanda jekete ngakhale limodzi? Anati amenewo sanalembedwe, alibe satifiketi yoti alande. Mwamva? Amene anavutika kukayesedwa ndiye woti n'kulangidwa, amene sanapite n'komwe palibe chomukhudza!

Mnyamatayo anaima pamtunda kudikila kuti aone ngati timvela. Choncho ine, amai ndi khanda tinakwela bwato losema la msodzi wina, long'aluka kumbuyo, lomata ndi nsanza ndi phula. Madzi ankalowa, amai akukapa ndi mbale imene ndinadyela ku kiliniki. Kumunsi kwathu mvuu zinali kufwenthela. Pambali pathu amuna anga ankayendetsa boti pang'onopang'ono, lopanda munthu, majekete ali mulu pansi, maso awo ali pa mwana. Ankaopa ngakhale kuyandikila kwambili kuti mafunde a injini angatigubuduze. Umu ndi mmene boma linatitetezela tsiku limenelo.

Madzulo ake ndinawalankhula amai mawu amene mwana sayenela kulankhula kwa mai wake. Ndinati nkhuku imodzi, amai, nkhuku imodzi yokha, pamene khola lili lodzaza! Anatenga jekete lija n'kulowa nalo m'nyumba mwawo, ndipo mailo lake ndinawapeza kuseli akulimbana ndi zingwe, akumanga ndi kumasula okha.

Amuna anga anayamba kuyenda. Ku Nyimba anawauza kuti za maboti sizili pano, ayese ku Petauke. Ku Petauke anati ku Chipata. Ku Chipata anati satifiketi yolandidwa imapita ku Lusaka, ndipo kuti ibwele ayenela kuyesedwanso, koma oyesa sangabwele chifukwa cha munthu mmodzi, mafuta a galimoto kulibe. Atapita kunyanja kumene anayesedwa poyamba, anati poti analandidwila pa Luangwa, adikile oyesa pa Luangwa pomwepo. Mafuta obwelela kudzalanda analipo, obwelela kudzabweza ndiwo anasowa. Mnyamata wa tayi uja tinamva kuti anamusamutsila kwina, mwina anamukweza ndi udindo.

Tsiku lina amai anati ndiwapelekeze ku boma. Anavala jekete kunyumba, atamanga okha, chingwe chilichonse pamalo pake, ndipo sanalivule m'bwato, pa lole, mpaka mu ofesi ku Nyimba, dzuwa la mwezi wa khumi likuotcha. Anthu mumsika ankaloza n'kumaseka, ati agogo aopa kumila m'fumbi. Anaima pakhomo pa ofesi nati, "Onani, ndaphunzila. Bwezelani mkamwini wanga pepala lake." Kalaliki wina wamkazi anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, nawauza mofatsa kuti pano palibe amene ali ndi mphamvu imeneyo. Tinabwelela amai akadali chivalile.

Anthu ankati, ingoyendetsani, boma lili kuti kuno? Ena ankachitadi zimenezo kumadoko ena. Koma mwini dziko akagwidwa amalipila faindi n'kubwelela kunyumba, mlendo akagwidwa amagona m'selo n'kukatayidwa kumalile. Boti linakhala chogadama pansi pa mtondo, nkhuku n'kumaikila mazila m'munsi mwake. Anthu anabwelela ku mabwato osema. Odwala tinkawagoneka m'madzi a m'bwato, ndipo mvula ikakula tinkangokhala osaoloka mpaka madzi atatsika.

Kenaka inakwana nthawi yokaonetsa ntchito ku ofesi yoona za alendo. Anafunsa satifiketi. Amuna anga anafotokoza zonse, anaonetsa ngakhale pulasitiki yopanda kanthu ija. Anati ife tiona pepala, pepala palibe ndiye kuti ntchito palibe, konzekani kubwelela kwanu. Boma lomwelo, dzanja ili lalanda, dzanja ilo likufunsa kuti chili kuti chimene tinakupatsa.

Amalume anga anati amuna anga angobisala, mudzi uno ndani angawaulule. Amuna anga anakana. Anandiuza kuti, "Amake mwana, ndinathawa kale kamodzi. Sindifuna ana anga azindiona ndikulowa m'thengo nthawi zonse kukamveka galimoto." Anati apite akaone ngati munda wa makolo awo ukalipo, akamange nyumba, ndiye tidzaone chochita. Ine sindikanawatsata nthawi yomweyo, ndi khanda, amai okalamba, komanso kumeneko tinkamva kuti mabomba akadali m'nthaka. Ndinenetu pano kuti sanabwelenso. Uthenga unkabwela ndi amalonda, kenaka unayamba kuchepa, kenaka unabwela wakuti anadwala nafela kwa mlongo wawo. Oyesa maboti anafika pa doko lathu patapita mvula zingapo, akufunsa kuti mwini boti loyela ali kuti. Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, amai anapha tambala wamkulu wa m'khola. Anatuma mkulu wa mpingo uja kukaitana mkamwini. Amuna anga anasamba, anavala malaya a ku tchalitchi, navula nsapato pakhomo. Aka kanali koyamba kuponda m'nyumba imeneyo, pamene denga lake anafolela ndi iwo. Amai anawathilila madzi m'manja, anawaikila chiwindi ndi nthutumba, nati, "Idyani, atate. Kuyambila lelo ndinu mwana wanga." Amuna anga anakweza maso n'kuwayang'ana amai kumaso. Mawu oyamba amene anawalankhula mwachindunji, pambuyo pa zaka zonsezo, anali akuti, "Zikomo amai. Mundisungile ana." Ine ndinatuluka, sindikanatha kukhalamo.

M'mawa tinawapelekeza ku doko. Msodzi yemwe uja anali atakonza bwato lake long'aluka. Amuna anga anatsazika ana, ananyamula khanda pang'ono n'kundibwezela, naika kachikwama kawo m'bwato. Akuti akwele, amai anati, "Taimani."

Anamasula mtolo umene anabeleka kumsana, n'kutulutsa jekete lija. Anawaveka okha, dzanja ili kenaka ilo, ngati akuveka mwana wa sukulu. Anakoka chingwe cha pachifuwa, anamanga cha m'chiuno, nayesa ndi chala ngati chathina. Sanaphonye ngakhale chimodzi. Amuna anga anati, "Amai, litsale, mudzaolokela." Amai anawamenya pang'ono pachifuwa ndi chikhatho nati, "Pitani nalo. Mukaoloka madzi ambili."

Bwato linanyamuka, iwo atakhala pakati ngati wokwela wamba, manja ali pa maondo. Atafika tsidya sanalivule. Tinaliona jekete lofiila likukwela mtunda, likudutsa pa mkuyu paja, mpaka linalowa m'mitengo. Amai anakhala pansi pamchenga, ndipo dzuwa linafika pamutu asanavomele kuti tibwelele kunyumba.